Ndodo zitatu, thumba la phulusa ndi luso lowenderera nyama

Amene munajomba Loweruka lija chifukwa chothirira nazale, nawa mawu a mlendo wathu, bambo amene akhala akuperekeza alendo m'tchire kwa zaka zambiri. Tawalemba monga anayankhulira, tangochotsamo phokoso ndi kuseka kwanu.

Zikomo a Wapampando, zikomo a Mlembi, ndi nonse ana anga amene mwatula makheni kuti mudzamve za mdala.

A Wapampando andionetsa kavidiyo kamene mwakhala mukutumizirana pa WhatsApp. Mzungu wina ku England akuyenda monyang'ama m'mbali mwa munda mbandakucha, patsogolo pake pali womuperekeza. Kenaka aima, aimika ndodo, asanjikapo mfuti. Akuti mwatsutsana sabata yathunthu. Ena akuti ndi ulesi, mwamuna mzima amanyamula yekha mfuti yake. Ena akuti mfutiyo ndi yolemera. Nonse mwaphonya, koma mwafunsa bwino.

Tiyambe ndi nyamayo. Eni ake amaitcha fallow deer. Msinkhu wake ndi wofanana ndi nswala yathu, koma ili ndi mawangamawanga oyera pamsana, ndipo yamphongo ili ndi nyanga zotambasuka kumapeto ngati chikhatho. Chodabwitsa n'chakuti nyangazo zimathothoka chaka ndi chaka, n'kumeranso zina. Zathu kuno sizitero. Mphalapala ikathyoka nyanga, yathyoka basi, idzafa nayo choncho.

Nanga amaziomberanji? Kumeneko mimbulu, imene inkadya nyamazi, anaimaliza zaka mazanamazana zapitazo. Mkango kulibe, fisi kulibe. Ndiye zimaswana mpaka kudya mbewu za alimi, kukukuta timitengo tongodzala kumene, ndi kugundana ndi magalimoto pamsewu. Amazichepetsa dala, koma motsata lamulo. Ku England yamphongo amaloledwa kuiombera kuyambira pa 1 Ogasiti mpaka pa 30 Epulo, yaikazi kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi, kuti isaphedwe ikuyamwitsa kamwana kakang'ono. Mfuti ndi ya chiphaso, malo ndi a mwini amene wavomereza. Mlendo uja walipira, koma wolamula ndi woperekeza. Ndi iye amene amasankha kuti iyi inde, iyo ayi. Kawirikawiri asanalowe naye m'tchire amayamba wamuyesa pa chipepala, aone ngati zipolopolo zake zikugwera malo amodzi. Ndipo ngati kumbuyo kwa nyama kulibe chulu kapena mtunda woti chipolopolo chikathere m'dothi, amamuletsa, ngakhale nyamayo itaima mokongola chotani. Munthu amatha kulipira, kudzuka 4 koloko, n'kubwerera osaomba.

Tsopano ndodo zija. Inu mumaona ngati dzanja lanu ndi lokhazikika. Talitambasulani, mugwire foni, muloze mtengo uwo. Mwaona? Likunjenjemera, chonsecho simunathamange, simukuopa kanthu. Tsono tiwerengere limodzi, a Folomu 4 mundithandize. Mpope wa mfuti ukhale wa masentimita 60. Kukamwa kwake kukasuntha ndi milimita imodzi yokha, kuchepa ngati njere ya fodya zingapo, pa mtunda wa mamita 100 chipolopolo chapatuka ndi masentimita pafupifupi 17. Pomwe malo oyenera kulasa, pamtima ndi mapapo, ndi aakulu ngati kambale ka ndiwo. Mukaphonya kambaleko simunaphonye nyama ayi. Mwaiphwanya chibwano kapena matumbo, ndipo ikafera kutali patatha masiku, ikununkha ili moyo. Ndodo zija ndi zoletsa zimenezo. Kugona chafufumimba kumakhazikitsa mfuti bwino koposa, koma mu udzu wofika m'chiuno ukagona suona kanthu. Ndiye umaima, ndodo n'kukhala ngati phewa lachitatu. Ena amagwiritsa ziwiri, ena zitatu, za masiku ano zili ndi miyendo inayi yogwira mfuti kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Musaganize kuti ndi nzeru ya ku Ulaya yokha. Tsidya ilo ku Zambia, m'chigwa cha Luangwa, kuli madera ngati Lupande ndi Lumimba amene boma limalola alendo kusaka atalipira, ndipo gawo la ndalamazo limayenera kupita ku makomiti a anthu a m'midzi. Kumeneko wonyamula ndodo zitatu ndi munthu wakuda ngati ine ndi inu, wolondola mapazi. Iyeyo ndiye amapeza nyama, amamva mphepo, amaimika ndodo pa msinkhu wa mlendo mosachita phokoso. Mlendo ntchito yake ndi chala chimodzi. Pachithunzi amaoneka ndani? Mukudziwa kale. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo za ndalama zofika kumudzi anthu a kumeneko amadandaula kawirikawiri kuti zimachedwa kapena kuchepa. Koma m'chigwa chomwecho munthu wina dzina lake Norman Carr, mu 1950, anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kutsegula msasa woti alendo azidzangoona nyama, ndalama n'kumapita kwa anthu a mfumuyo. Pambuyo pake anatchuka ndi maulendo oyenda pansi m'tchire. Luso lake ndi lomwelija la mlenje, kungoti kumapeto kulibe magazi, ndipo nswala imodzi imalipiridwa ndi alendo zana.

Tibwere kwathu. Mu Kasungu National Park kusaka n'koletsedwa, kaya ndi mfuti, uta, agalu kapena waya. Agogo athu ankachita uzimba, inde, ankakumba mbuna, ena anali ndi gogodera wothira wonga kukamwa. M'pakimo mudakali ng'anjo zimene makolo ankasungunuliramo chitsulo, umboni woti munali midzi anthu asanasamutsidwe chifukwa cha matenda a kaodzera ofalitsidwa ndi kashembe. Malowo anakhala paki mu 1970, ndipo ndi yachiwiri kukula m'Malawi muno, pambuyo pa Nyika. Zaka za m'ma 1970 munali njovu zoposa 1,000. Pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50. Sizinasamuke ndi basi, ana anga. Zinaphedwa.

Mu 2022 boma, mothandizana ndi IFAW ndi African Parks, linabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, pamodzi ndi nyama zina 431: nswala, njati, njiri, mphalapala ndi nakodzwe. Ena mwa inu munaona zimagalimoto zake. Ine sindibwera kuno kudzakunamizani kuti zonse zinayenda bwino. Abale athu a kwa Chulu ndi a tsidya la Zambia adyeredwa chimanga, nkhokwe zagumulidwa, ndipo anthu afa. Munthu amene wagona panja mwezi wathunthu akuimba zitini kuti ateteze munda wake, ukamuuza za alendo a ku Lifupa amakuona ngati wamisala. Ali ndi chifukwa. Mpanda unayenera kutha njovu zisanafike, amenewo ndi maganizo anga, ndipo ndimawanena kulikonse.

Koma mkwiyo umenewo pali anthu amene amaudyerera. Amabwera pa njinga yamoto nthawi ngati ino, fodya atagulitsidwa kalekale ku Chinkhoma, ndalama itatha, feteleza asanagulidwe. Amati tipezereni ngaka, tipezereni nyama yowamba. Chiyambire kusintha kwa lamulo la nyama zakutchire mu 2017, mlandu wa njovu, chipembere kapena ngaka ungathe kukufikitsa zaka 30 kundende. Wa njinga yamoto uja simumudziwa ngakhale dzina lake lenileni. Wogwidwa ndi thumba ndi inu. Ndipo waya amene amatchera, wina wochokera ku mabuleki a njinga, wina wodulidwa ku mpanda womwe uja wotchinga njovu, sasankha. Amagwira gwape, amagwira galu wa mnzako, amadula chitamba cha mwana wa njovu. Mlenje wakale ankadziwa nyama imene wapha. Wa waya sadziwa n'komwe zimene zaolera m'makhwekhwe ake.

Ndiye chimene ndabwera nacho ndi theka la kavidiyo kaja, theka lovuta, lomwe silifuna chiphaso: kufika pafupi ndi nyama isakudziwe.

Choyamba ndi mphepo. Nyama imakhulupirira mphuno kuposa maso. Tengani kansalu kakale kapena sokosi, muthiremo phulusa losefa, mumange. Mukagwedeza pang'ono, phulusa likuuzani kumene mpweya ukupita, ngakhale tsiku loti tsamba silikugwedezeka. Phulusa lizibwerera kwa inu. Likapita kumene kuli nyama, zungulirani, ngakhale kuzungulirako kukutengereni ola. Ndipo musayese kamodzi n'kukhutira. M'mamawa mpweya wozizira umatsikira kudambo, dzuwa likakwera umatembenuka n'kuyamba kukwera mtunda. Anthu ambiri amathawitsa nyama cha m'ma 9 koloko osadziwa kuti chawapereka n'chiyani. Sopo wonunkhira ndi mafuta a pa Sande, asiyeni kunyumba. Achimwene a perefyumu kumbuyoko, ndikunena inu.

Kenaka mayendedwe. Mapazi atatu, imani, yang'anani. Poyang'ana musafune nyama yathunthu, simudzaiona. Funani khutu logwedezeka, mchira wothamangitsa ntchentche, mzere wogona pakati pa mitengo yoimirira, poti msana wa nyama ndi wogona. Ikaweramitsa mutu kudya, sunthani. Ikadzutsa, umani pomwepo, ngakhale mwendo uli m'mwamba. Gwape ndi wochenjera, amanamizira kudya n'kudzutsa mutu mwadzidzidzi kuti akugwireni mukuyenda. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu, ndipo musadutse pamwamba pa chulu pomwe thupi lanu lionekere kuthambo. Miyezi ino masamba a m'tchire auma, akulira ngati mapepala, ndiye pondani ndi m'mphepete mwa phazi, mumve chimene chili pansi musanaike thupi lonse. Nkhwali ikabuluka kapena nyani akakhosomola, khalani pansi mphindi khumi. Tchire lonse lamva.

Za mapazi ndi sukulu ya zaka, koma poyambira ndi apa. Phazi latsopano lili ndi m'mphepete mwakuthwa. Likagona, m'mphepetemo mumagumuka, tizilombo timadutsapo, mame amasiya timadontho. Ndowe zatsopano zimanyezimira, ukaziphwanya n'zonyowa mkati. Inu amene munakula mukukumba mbewa mumadziwa kale kusiyanitsa mkwaso wamoyo ndi wakufa. Ndi nzeru yomweyo. Kungoti kutentha tchire muleke, chifukwa palupsa palibe chowenderera.

Tsopano ndodo zathu. Dulani nsungwi zitatu zowongoka, kapena mubwereke mikangala ku chigafa, bola mukapemphe kaye. Zifike pachibwano panu. Muzimange pamodzi ndi mphira ya chubu cha njinga, kusiya chikhatho chimodzi kuchokera kumwamba, kuti zikatambasuka pakhale kamphanda. Mphira ndi yabwino kuposa luzi chifukwa silira ndipo imalola miyendo kutambasuka. Mukafuna zifupike, tambasulani miyendo. Mukafuna zitalike, isendezeni pamodzi. Pa kamphandapo ife tiikapo foni kapena mabainokula, osati china. Ndimve kuti wina wasanjikapo gogodera wa agogo ake, ine sindikumudziwa.

Yesani chonchi. Jambulani kambale ndi khala pa katoni, muiimike mapazi 100. Kokerani chithunzi pafoni mpaka pomaliza, muone mmene kambaleko kakuvinira mukagwira ndi manja okha. Kenaka ikani pa ndodo. Miyendo yanu itangadze pang'ono, thupi litsamire kutsogolo, dzanja limodzi ligwire pamfundo. Pumani, tulutsani mpweya theka, gwirani, dinani. Zikayamba kuphweka, thamangani kaye kukafika pa mjigo ndi kubwerera, ndiye muyese mtima ukugunda, chifukwa tsiku lomwe mudzaone ngoma yamphongo pafupi udzagunda choncho. Mukatero yesani awiriawiri, wina woimika ndodo, wina wojambula, osayankhulana, osagundanitsa nsungwi. Poyamba yesererani pa mbuzi za kudambo. Musaseke, mbuzi yosakudziwani siifikirika wamba. Mukatha mbuzi, nkhanga. Amene adzandibweretsere chithunzi chooneka bwino cha nkhanga yakutchire ikudya, ameneyo ndidzamutenga ndekha kukamuonetsa kwa anzanga.

Mtsikana uyo wafunsa ngati zimenezi zili ndi ntchito. Zilipo, koma si zambiri, ndisakunamizeni. Kuli oyang'anira nyama a boma, kuli operekeza alendo ku Liwonde, Majete, Nkhotakota ndi Nyika, ndipo akazi alimo, ena amaposa amuna kupirira. Ku Dedza kuli Malawi College of Forestry and Wildlife. Konseko masiku ano pepala la MSCE amalifunsa, ndipo mlendo amafuna umufotokozere m'Chingerezi chifukwa chimene mwaimira. Ndiye Biology ndi Chingerezi musazithawe.

Chimodzi chomaliza, ndipo apa musaseke. Zonse ndanenazi ndi za gwape, nkhanga ndi mbuzi, kunja kwa paki. M'paki simulowa popanda chilolezo ndi woyang'anira nyama. Njovu kapena njati ikatulukira kumudzi, si yowenderera, si yojambula, ngakhale mutafuna ma like chotani. Onani phulusa, chokani mbali imene fungo lanu silikuifikira, chotsani ana, ndipo muuze amfumu aimbire a zanyama.

Loweruka likubwerali tikumane pa bwalo la mpira 5 koloko m'mawa. Aliyense abwere ndi nsungwi zitatu, mphira, sokosi ya phulusa, ndi zovala zosawala. Amene alibe foni agwirizane ndi mnzake. A Mlembi, katoni ndi khala zikhale kwa inu.