Bowa wa kunja ndi mabala a mumtima: mawu a membala wathu wa ku Etatara

Ine ndine mlimi wa konkuno ku Etatara, sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndilankhula mwachimudzi basi. Nkhani yanga ndi ija yayamba kuyenda m'mafoni a anyamata athu, yakuti kunja kuli bowa wochiza munthu amene anaona zoopsa ndipo mtima wake sunakhazikike mpaka lero. Akuti ukamadya kachidutswa kakang'ono masiku angapo pa sabata, maloto oipa amatha. Mvula ili pafupi, bowa atuluka posachedwapa, n'chifukwa chake ndati tikambirane lero lomwe.

Nthendayo ndi yoona, tisakanepo. Nkhondo ya zaka 16 inatha pa 4 Okutobala 1992 pamene anasainirana mtendere ku Rome, koma m'nyumba zambiri sinathe. Anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ena kudzera ku Mandimba, ena ku Entre Lagos, ndipo pobwerera anabwera ndi zimene maso awo anaona. Ine ndili ndi amalume anga amene mpaka lero njinga yamoto ikaphulitsa utsi amagwetsa khasu n'kuyamba kunjenjemera. Usiku amadzidzimuka thukuta lili kamukamu. Pali njira ina yopita kumunda imene sadutsamo, amazungulira kutali, ndipo ukawafunsa amangoti "zisiyeni". Madokotala amaitcha nthenda imeneyi PTSD. Ndipo si ya akuluakulu okha ayi. Kuyambira 2017 abale athu a ku Cabo Delgado akhala akuthawa nkhondo, ena anafika kuno ku Niassa. Mu 2023 namondwe Freddy anakokolola midzi, ana akuona.

Ndiye munthu wotere ukamuuza kuti mankhwala ake ndi bowa, angakane bwanji?

Tsono imvani zimene ndatolera, mothandizidwa ndi mwana wa mlongo wanga amene ali pasukulu ku Cuamba. Mankhwala amene ali m'bowa ameneyo dzina lake ndi psilocybin. Munthu akadya wochuluka amaledzera mwa mtundu wina, amaona zinthu zimene palibe, kwa maola 4 mpaka 6. Mu 1971 bungwe la United Nations linawaika pagulu la mankhwala oletsedwa kwambiri. Zoti anzathu ophunzira akuwafufuza ndi zoona. Mu 2023 dziko la Australia linalola madokotala ena a matenda a maganizo kupereka psilocybin, koma kwa anthu ovutika maganizo amene mankhwala ena onse anakanika. Pa PTSD analola mankhwala ena, a MDMA, amenenso boma la America linawakana mu 2024 ponena kuti umboni sunakwane. Chaka chomwecho kampani ya Compass Pathways inalengeza kuti inayesa psilocybin pa odwala PTSD ndipo ambiri anapezako bwino. Koma anali anthu 22 okha, anamwa kamodzi mlingo waukulu wopimidwa, ali m'chipinda ndi anthu ophunzitsidwa kuwayang'anira. Zimenezo n'zosiyana kutalitali ndi kumabudula kachidutswa m'mawa uli wekha.

Nanga za kudya pang'onopang'onozo? Apa ndi pamene ndikufuna alimi anzanga mundimvetse. Alangizi akabwera ndi mbewu yatsopano ya soya kapena feteleza, timatani? Timagawa munda pawiri, uku tithira, uku tisiya, kenaka tiona pokolola. Ukathira munda wonse, mvula n'kubwera bwino, sungadziwe ngati wakupindulitsa ndi feteleza kapena mvula. Anthu a ku Imperial College ku London anachita chimodzimodzi, zotsatira zake zinatuluka mu 2021. Anthu 191 anatenga nawo mbali. Ena ankameza makapisozi okhala ndi kamankhwala pang'ono, ena makapisozi opanda kanthu, osadziwa kuti ameza ati. Pamapeto pake onse anati akumva bwino, omeza opanda kanthu aja nawonso! Ndiye kuti chimene chinagwira ntchito kwambiri ndi chiyembekezo cha munthu. Komanso anthuwo sanasankhidwe ngati odwala PTSD. Eti, munda wothira ndi wosathira ukabereka mofanana, ndani angagulitse nandolo wake kuti akagule feteleza ameneyo?

Chimene chikundiopsa ine ndi kutchire. Amayi athu amadziwa utale, ndelema ndi manyame chifukwa anaphunzira kwa agogo awo, ndipo bowa amene sakumudziwa samutola. Koma mnyamata amene waona chithunzi pafoni akayamba kutola tibowa tating'ono tabulauni, aaa, pamenepo maliro ali pafupi, chifukwa tibowa totere timafanana. Pali bowa wina woononga chiwindi. Kuipa kwake, ukadya sumva kanthu msanga, kusanza ndi kutsegula m'mimba kumayamba patapita maola 6 kapena kuposa. Kenaka munthu amaoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikufa. Kuphika sikuchotsa poizoniyo, kuyanika sikuchotsanso. Wina akadya bowa wokayikitsa, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo, mutenge ndi bowa wotsalayo kapena mphika womwe. Ndiwonjezere kuti ngakhale ofufuza aja salola munthu amene kubanja kwawo kuli matenda a misala kumwa psilocybin, chifukwa angathe kudzutsa matendawo.

Mwina wina afunsa kuti nanga amalume akowo tiwathandize bwanji. Makolo athu sanakhale manja lende. Nkhondo itatha, m'midzi yambiri ya Mozambique obwerera ankawasambitsa mankhwala, kutentha zovala zimene anabwera nazo, kuwadziwitsa kwa mizimu ya makolo kuti mwana wabwera. M'matchalitchi ndi m'mizikiti ankawapempherera. Ambiri zinawathandiza chifukwa mudzi unawalandira, sanasiyidwe okha. Ine mwambo umenewu ndimaulemekeza. Koma kwa ena bala linatsala, ndipo ena aliphimba ndi kachasu ndi chamba, mapeto ake ndi ndewu m'nyumba, mayi ndi ana n'kumagona kunja.

Kwa amenewa chithandizo chilipo. Boma linaphunzitsa anthu oona za matenda a maganizo, aja timawatcha técnico de psiquiatria, ndipo amagwira ntchito m'zipatala za m'maboma. Yambani kuchipatala chathu chaching'ono, akulemberani kalata yopita ku Cuamba. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Amacheza naye, amamuphunzitsa zochita mantha akamubwerera, ndipo ngati pakufunika amamupatsa mapiritsi. Munthu akayamba kunena zodzipha, musadikire kuti kuche, ndipo mankhwala a thonje muwachotse m'nyumbamo.

A wapampando, pempho langa ndi lakuti kalabu yathu ilembe kalata ku wailesi, ipemphe pulogalamu imodzi imene técnico ameneyu adzayankhe mafunso athu m'Chinyanja ndi m'Chimakhuwa, opanda kutchula maina a ofunsa. Ikhale madzulo anthu ataweruka kumunda, ndipo ichitike mvula yoyamba isanagwe. Amene ali ndi funso andipeze tikatha pano, alembi alilemba.