Nthano ya pa Moto ndi Nthano ya pa Kanema

Lero tikamba za nchito ya wopanga kanema ndi maulendo amene amayenda asanajambule cithunzi ngakhale cimodzi.

Agogo akati, "Padangokhala," inu mumayankha kuti, "Tili tonse," ndipo kalulu amene simunamuone amayamba kuthamanga m'mutu mwanu. Pa Citumbuka nthano zotere amazicha vidokoni. Wopanga kanema nayenso ndi wosimba nthano, koma mtolo wake ngolemerapo, pakuti zimene agogo amanena ndi pakamwa iye ayenera kuziika pamaso pathu. Sangangonena kuti mwana anali ndi mantha. Ayenera kusankha: kodi ationetse nkhope ya mwanayo pafupi, kapena amuike patali, ali yekhayekha pakati pa munda waukulu?

Tiyeni tione m'mene anacitira mwana wa dziko lino, Mayi Rungano Nyoni. Iwo anabadwira mu Lusaka m'caka ca 1982, nasamukira ku Wales akali ang'ono. Atafuna kusimba za anthu onenezedwa ufiti, sanangokhala pa mpando ndi kupeka. Anapita ku Ghana, kumene kuli midzi yosungiramo amayi othamangitsidwa kwao pa mlandu wa ufiti, nakhala nao mwezi wathunthu, kupenya ndi kumvetsera. Atatero anadzajambula muno m'Zambia kanema wochedwa I Am Not a Witch, amene anatuluka mu 2017. M'menemo mumamveka ndi Cinyanja comwe.

Kanemayu asimba za kamtsikana, dzina lake Shula, kamene anthu a m'mudzi akaneneza ufiti popanda umboni weniweni. Tsono mverani luso lake. Amayi a ku Ghana aja sanali omangidwa ndi zingwe. Cowamanga cinali mantha ndi zikhulupiriro, zimene kamera siingajambule. Motero Mayi Nyoni anapeka nsalu yoyera, yopyapyala ndi yaitali, yomangidwa kumsana kwa mayi aliyense. Shula auzidwa kuti akaidula adzasanduka mbuzi. Woonera akangoona nsaluyo itakungika, adziwa kuti apa ndi pothera ufulu wa mwanayo, ngakhale palibe wanena mau. Ine ndiyesa kuti nsalu imeneyo iposa ulaliki wa maola awiri. Mu 2018 kanemayu analandira mphotho ya BAFTA ku Britain.

Nkhaniyi si ya ku Ghana kokha. M'midzi mwathu momwemuno nkhalamba ndi ana amalozedwa cala pakagwa maliro kapena mvula ikacedwa, cinkana lamulo la Zambia liletsa kuchula munthu kuti ndi mfiti. Aphunzitsi, muyambe mwamuonera nokha kanemayu musanaganize zoonetsa ana, cifukwa muli zina zolemera.

Musayese kuti nkhani zoyenera kanema zili kutali kokha. Kutsidya kwa malire, ku Kasungu, Chiwetel Ejiofor anaphunzira Cicewa najambula mbiri ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, mnyamata amene anapanga magetsi ndi mphepo. Kanemayo anatuluka mu 2019.

Nayi nchito ya mlungu uno, ndipo siifuna kamera. Mwana aliyense akapemphe nthano imodzi kwa agogo kapena azakhali, m'Cicewa kapena m'Citumbuka. Agawe pepala zigawo zisanu ndi cimodzi, najambule nthanoyo popanda kulemba liu lililonse. Cithunzi cimodzi cikhale ca patali, coonetsa malo. Cina cikhale ca nkhope yokha. Pambuyo pake ana asinthane mapepala, ndipo yense asimbe zimene aona pa pepala la mnzake. Pamene wosimbayo asokera, mwini pepala afafanize cithunzico, ajambulenso.