MAFUTA A M'NYALE SABWEREKEDWA PAKATI PA USIKU



Lero ndifuna kucheza makamaka ndi inu ana anga, anyamata ndi asungwana a Folomu 4 amene mukukonzekera mayeso a MSCE, ndiponso ndi inu makolo amene mwagulitsa mbuzi ndi mtedza kuti anawa afike pamene afikapa.

Pa mutu 25 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo Woyera, Ambuye Yezu adaphera fanizo la anamwali khumi amene adapita kukachingamira mkwati. Asanu adatenga nyale pamodzi ndi mafuta apadera, asanu ena adatenga nyale zokha. Mkwati adachedwa, ndipo onse khumi adagona tulo. Atadzidzimuka pakati pa usiku, opusa aja adapempha mafuta kwa anzawo koma sadapatsidwe, ndipo pobwera kokagula adapeza chitseko chitatsekedwa. Kodi ochenjera aja adali oumira? Iyayi. Zilipo zinthu zina zimene munthu sangathe kubwereka kwa mnzake, ndipo nzeru za m'mutu ndi chimodzi mwa zinthuzo.

Kale ofuna kulowa University of Malawi ankalembanso mayeso ena apadera olowera kumeneko. Masiku ano khomo lolowera ku mayunivesite a boma ndi mayeso a MSCE omwewa, amene amayendetsedwa ndi bungwe la MANEB, ndipo bungwe la NCHE ndilo limatsogolera ntchito yosankha ophunzira. Pa phunziro lililonse mumapatsidwa mapointi kuyambira 1 mpaka 9, ndipo 1 ndiye wopambana. Kuti muganiziridwe, mufunika kukhoza maphunziro asanu ndi limodzi ndi mapointi osapitirira 6 pa lililonse, kuphatikizapo Chingerezi. Ofuna malo ndi ochuluka kuposa malowo, tsono pointi imodzi yokha ikhoza kulekanitsa wopita ku Zomba, ku Bunda kapena ku Mzuzu ndi wotsala pakhomo. Ofuna udokotala asanyoze sayansi, ofuna uinjiniya asathawe masamu.

Nanga mafutawo muwasonkhanitsa bwanji? Poyamba, yambani lero. Makolo athu adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Tengani silabasi, muigawe m'masabata amene atsala, ndipo tsiku lililonse muwerengeko gawo lake, kuyambira phunziro limene mumaliopa. Chachiwiri, funani mapepala a mayeso a zaka zapitazo, muwayankhe mutatseka mabuku, wotchi ili patsogolo panu, pakuti ambiri amalephera chifukwa nthawi yawathera, chikhalirecho mayankho amawadziwa. Chachitatu, funsani. Mbewa ya manyazi idafera kuuna. Pitani kwa aphunzitsi anu ndi funso limene lakukanikani, ndipo khalani pansi ndi anzanu atatu kapena anayi, aliyense afotokoze zimene wamva. Chimene mwatha kufotokozera mnzanu, chimenecho ndiye mwachidziwadi. Potsiriza, gonani mokwanira. Ngakhale anamwali ochenjera aja adagona, popeza mafuta awo adali okonzeka kale. Wochezera usiku wonse mapazi ali m'beseni la madzi ozizira amalowa m'chipinda cha mayeso mutu uli wolemera.

Tsono pali ena amene amayesa kugula mafuta pakati pa usiku. Ndikunena za likasa. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2020 mayeso a MSCE adaimitsidwa ali mkati chifukwa mapepala adabedwa, ndipo ophunzira onse m'dziko muno adalembanso mu Januwale 2021. Osalakwa adavutikira limodzi ndi olakwa. Ana anga, kubera mayeso ndi kuba ndiponso ndi bodza. Mukabera, mwalanda malo a mwana wamasiye amene adawerenga ndi nyali ya koloboyi. Ndipo amene walowa sukulu ya unamwino ndi likasa, adzachita chiyani tsiku limene mayi wodwala adzagona patsogolo pake?

Inu makolo, simungamulembere mwana mayeso, koma mungathe kumpatsa nthawi. Mwana wamkazi amene watunga madzi, waphika, wachapa ndi kulera ang'ono ake mpaka mdima, adzatsegula buku nthawi yanji? M'miyezi imeneyi gawanani ntchito za pakhomo, alongo ake nawonso agwireko. Musamuopseze ndi mawu akuti akalephera asabwere pakhomo pano, pakuti mantha amaiwalitsa ngakhale zimene munthu amadziwa.

Kwa inu amene mudzayesetsa koma dzina lanu osatuluka, ndikuti musataye mtima. Chitseko cha mayeso sichili ngati chitseko cha m'fanizo lija: ichi chimatsegukanso. Mungathe kubwereza mayeso, ndipo ziliponso sukulu za uphunzitsi ndi za ntchito zamanja. Pamaso pa Mulungu mtengo wanu suwerengedwa ndi mapointi.

Pempherani tsiku ndi tsiku, koma mukatha kupemphera tsegulani buku, pakuti pemphero silidzaza nyale imene mwini wake waisiya yopanda kanthu mwadala.

Mzimu Woyera aunikire nzeru zanu, akhazike pansi mitima yanu pa tsiku la mayeso, ndipo Mulungu Mphambe akudalitseni nonse. Amen.