Kodi bwalo lathu lili pa mapu a mzinda?

 Andipatsa mphindi khumi zokha, ndiye ndisachedwe ndi malonje.

Mukukumbuka mwezi watha tinapeza mulu wa mchenga ndi njerwa pakona ya bwalo lathu la mpira, kuseri kwa golo lakumunsi. Tinapsa mtima, ena mpaka ankati tikamwaze njerwazo usiku. Koma bambo ena achikulire amene ankadutsa anatifunsa kuti, "Ana inu, pa mapu a mzinda malo amenewa analembedwa kuti ndi a chiyani?" Tonse tinangoti kukamwa yasa. Funso limeneli ndi limene ndabwera nalo lero.

Mzinda umakhala ndi pulani yogawa malo. Pulaniyo imanena kuti uku ndi kwa nyumba zokhalamo, uku kwa mashopu, uku kwa mafakitale, apa pakhale sukulu, apa pasamangidwe kanthu. Kuno ku Lilongwe zimenezi zimaoneka ndi maso. Mafakitale ali ku Kanengo, maunduna a boma ali ku Capital Hill, ndipo madera amatchulidwa ndi manambala ngati Area 18, Area 25 ndi Area 47, monga analembedwera papepala. Likulu la dziko linachoka ku Zomba kubwera kuno mu 1975. Mu 1986 kunatuluka pulani yogawa malo a mzindawu, ndipo mu 2010 bungwe la JICA la ku Japan linathandiza kulemba ina yoyang'ana mpaka 2030. Tawerengani nokha zaka zatsalazo. Posachedwapa pafunika kulembanso ina, ndipo amene tidzakhale nayo nthawi yaitali ndi ifeyo, osati amene akuisainira.

Tsono pepala ndi moyo wa anthu zimasiyana. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno. Ambirife sitikhala kumayadi kojambulidwa bwino kuja. Tili ku Mtandire, ku Chinsapo, ku Kauma, ku Mgona, ndipo pamene timagona ndi pomwenso timapezera ndalama. Mayi anga anabowola khoma la chipinda chakutsogolo n'kuika windo la okala. Sopo, mchere, mafuta oyeza, mandasi m'mawa. Fizi yanga kuyambira Fomu 1 mpaka Fomu 4 inatuluka pawindo limenelo. Koma lamulo la 2016 lotchedwa Physical Planning Act limafuna kuti munthu apemphe chilolezo asanasinthe ntchito ya malo kapena nyumba. Ndikufunseni, pa telala, wometa ndi wotchaja mafoni amene mumawadziwa, ndi angati anakapempha? Musayankhe, tonse tikudziwa.

Ineyo maganizo anga ndi akuti pulani yatsopano isamachite ngati anthu amenewa kulibe. Ilembe poyera kuti m'madera okhalamo anthu, geni yaing'ono yosasokoneza aneba ndi yololedwa, basi. Munthu asamakhale ndi mantha chifukwa chosoka mayunifomu pakhonde pake. Koma geni zonse si zofanana ayi. Chigayo, malo owotcherera zitsulo ndi bala zikhale ndi malire ake: zitalikire bwanji ndi sukulu, zitseke nthawi yanji. Izi sindikunena zongomva. Ndinawerengera mayeso a MSCE ndili ndi thonje m'makutu chifukwa cha sipika ya bala yoyandikana nafe, imene inkalira mpaka tambala woyamba. Nyimbo zake ndinaziloweza kuposa Biology, mwina n'chifukwa chake ndinapeza zimene ndinapezazo.

Pali malo ena amene pulani siyenera kunyengerera, ndiwo m'mbali mwa mitsinje ndi m'mapiri otsetsereka. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi unasefukira n'kuwononga nyumba ku Mtandire. Mu Malichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche ku Blantyre n'kukwirira anthu ku Chilobwe. Komabe tisafulumire kunena kuti omanga malo otere ndi osamva. Munthu amamanga m'dambo chifukwa poloti yapamtunda sangaikwanitse. Pulani ikangoti "pano ayi" osaonetsa kumene wosauka angapeze poloti, anthu adzabwerera m'dambo momwemo mvula ikangokata.

Ndibwerere ku bwalo lathu. Ngati pa mapu analemba kuti ndi malo osewerera, ndiye kuti mwini njerwa uja walakwa, ndipo tili ndi poyambira. Koma ngati analemba kuti ndi malo a nyumba, kukalipa kwathu sikungaletse wina kukumba maziko pakati penipeni pa bwalo. Kuti akuluakulu athu ankasewera pomwepa kalekale, papepala sizioneka. Zikatero chotsala n'kupempha kuti malowa alembedwenso, ndipo nthawi yabwino yopemphera ndi pamene pulani ikukonzedwa, osati simenti itauma.

Ndiye ndikupempha zinthu izi. Anthu atatu apite kwa a khansala a wodi yathu sabata ino, akapemphe kuti atiperekeze ku ofesi yoona za mapulani kukhonsolo tikaone mapuwo ndi maso athu. Akalowenso mumsonkhano wa komiti ya chitukuko, chifukwa nkhani zimapsera kumeneko ife tili kokaonera mpira wa ku England. Atsikana a netiboli musatsale, pakona pamene pali njerwapo ndi pamene mumayeserera inuyo.

Enafe tikumane pabwalo Loweruka 7 koloko m'mawa, tikayeze m'litali ndi m'lifupi, tijambule zithunzi ndi kulemba mayina a matimu onse amene amasewerapo. Amene ali ndi tepi yoyezera kunyumba abwere nayo, pakapanda tepi tigwiritsa chingwe cha golo.