Chikomekome cha Nkhuyu: Zakudya za M'golosale ndi Moyo Wathu

Nkhani imene mlangizi adakamba kwa ophunzira a sukulu za kwacha kwa Dzoole, m'boma la Dowa

Ndikudziwa kuti ena mwasiya khasu kumunda, ena mwasiya ntchito kudimba, choncho sinditalikitsa. Lero tikambirane za zakudya zimene timagula m'golosale ndi m'maokala.

Kuno kwa Dzoole tili ndi mwayi. Timalima chimanga, mtedza, soya, nyemba, mbatata ndi maungu. Tili ndi nkhuku, mbuzi ndi mitengo ya mango. Koma taonani zimene zimachitika tikagulitsa fodya kapena mtedza. Bambo akapita ku Mponela kapena ku Madisi amabwerera ndi jumbo yodzaza mabisiketi, masuwiti, kamba ndi zakumwa za m'mabotolo. Ana amavina, mayi amasekerera. Mtedza wathu tagulitsa, m'malo mwake tagula mpweya wa m'pepala ndi madzi a shuga.

Akuluakulu adati chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Pepala lowala silitanthauza kuti chakudya chili m'katimo n'chabwino. Sindikunena kuti golosale ndi yoipa ayi. Eni magolosale ndi abale athu, ndipo amatigulitsa zinthu zofunika. Chimene ndikufuna n'chakuti tizidziwa chimene tikugula.

Matenda obwera mwakachetechete

Kale tinkati matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mabwana a m'tauni. Lero sizili choncho. M'chaka cha 2009 Unduna wa Zaumoyo, mothandizana ndi bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, udayeza anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno. Adapeza kuti munthu mmodzi mwa anthu atatu aliwonse magazi ake amathamanga kwambiri, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa n'komwe. Adapezanso kuti pafupifupi anthu 6 mwa 100 aliwonse ali ndi matenda a shuga.

Tangowerengani anthu amene mwakhala nawo pamphasa imodzi. Mukakwana atatu, mwina mmodzi wa inu ali ndi vutoli. Matendawa sabwera ndi malungo kapena chifuwa. Munthu amalima, amapalasa njinga, kenaka tsiku lina amangogwa, mbali imodzi ya thupi yafa, pakamwa papotoka. Pamudzi timayamba kulozana zala, kuti wamulodza ndi uje. Koma nthawi zambiri mfitiyo imakhala italowera m'mbale ndi m'botolo.

Choyamba: shuga wambiri

Tiyambe ndi zakumwa zozizilitsa kukhosi. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 limakhala ndi shuga wokwana magalamu 32. Supuni imodzi ya tiyi imanyamula magalamu 4. Tiyeni tiwerengere limodzi, poti masamu tsopano mukuwadziwa: 32 kugawa ndi 4, yankho ndi 8. Masupuni 8 a shuga m'botolo limodzi! Ndani wa inu angathire masupuni 8 m'kapu imodzi ya tiyi? Koma m'botolo timangomeza osazindikira. Zakumwa zina zamtundu womwewu, mafilizesi, ndi timajusi ta m'mapepala tojambulidwa zipatso, zambiri ndi madzi, shuga ndi utoto basi.

Bungwe la WHO lidalangiza m'chaka cha 2015 kuti munthu wamkulu asamapitirire masupuni 12 a shuga pa tsiku, ndipo zimakhala bwino koposa akalekeza pa masupuni 6. Muwerengeremo wa m'tiyi, wa m'phala, wa m'mabisiketi ndi wa m'botolo.

Kodi shuga wambiri amatani m'thupi? Choyamba amaola mano. Tizilombo ta m'kamwa timadya shugayo n'kutulutsa asidi amene amaboola mano. N'chifukwa chake mukuona ana a zaka zinayi mano ali bii. Chachiwiri, shuga amene thupi silinagwiritse ntchito amasanduka mafuta, munthu n'kumanenepa mosayenera. Kunenepa kotere kumatopetsa kapamba, chiwalo chimene chimatulutsa insulin, yomwe imachotsa shuga m'magazi. Insulin ikaleka kugwira bwino ntchito, shuga amadzaza m'magazi. Amenewo ndiye matenda a shuga. Munthu amamva ludzu nthawi zonse, amakodza pafupipafupi usiku, zilonda sizipola msanga, ndipo matendawa akakula amaononga maso, impso ndi mapazi.

Chachiwiri: mchere wobisika

Ndiwo zopanda mchere sizikoma, zimenezo palibe akutsutsa. Koma WHO imati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku. Imeneyo ndi supuni imodzi yokha ya tiyi, kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Vuto ndi lakuti mchere wambiri sitiuona. Umabisala mu kamba ndi tchipisi ta m'mapepala, mu timibulu tokometsera ndiwo, mu supu wa ufa, mu timapaketi ta m'kati mwa manudozi, mu zam'chitini, ngakhale mu buledi. Mayi amathira kambulu kokometsera mumphika, n'kuthiranso mchere, kenaka bambo n'kuwazanso wina m'mbale. Apo mchere walowa katatu.

Mchere ukachuluka, thupi limasunga madzi ambiri m'magazi. Magazi akachuluka amakankha mitsempha mwamphamvu, ngati mtsinje wodzaza ukamagumula gombe nthawi ya dzinja. Mtima umagwira ntchito yoposa msinkhu wake. Pakapita zaka, mtsempha wa m'mutu ungathe kuphulika kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo. Impso nazo zimaonongeka.

Chachitatu: mafuta

Thupi limafuna mafuta pang'ono, makamaka thupi la mwana. Mafuta a mtedza, a soya ndi a mpendadzuwa ndi abwino. Ochenjera nawo ndi mafuta olimba amene amaika m'mabisiketi ambiri ndi m'makeke a m'sitolo. Mafuta otere amachulukitsa zonona zimene zimamatirira m'mitsempha, njira ya magazi n'kumachepa.

Enanso ndi mafuta a pachiwaya amene akazingiramo tchipisi, zigege ndi nyama kuyambira Lolemba mpaka Loweruka osasintha. Mafuta akatenthedwa kambirimbiri amada, amachita thovu, ndipo amasanduka oipa m'thupi. Musanagule, suzumirani m'chiwayamo. Mukaona mafuta akuda ngati oilo wa m'chigayo, pitirirani.

Chachinayi: nyama yokonzedwa ku fakitale

Masoseji, poloni ndi nyama ya m'chitini amaziika mchere wambiri ndi mankhwala oti zisaole msanga. M'chaka cha 2015 akatswiri a matenda a khansa a bungwe la WHO adanena kuti kudya nyama zotere kawirikawiri kumayambitsa khansa ya m'matumbo.

Palinso ngozi ina. M'zaka za 2017 ndi 2018 ku South Africa kudabuka matenda a listeriosis, ochokera mu poloni wa fakitale ina ya ku Polokwane. Anthu oposa 1,000 adadwala ndipo oposa 200 adamwalira, kuphatikizapo makanda ambiri. M'mwezi wa Marichi 2018 Malawi ndi maiko ena oyandikana nawo adaletsa nyama zoterezi zochokera kumeneko. Phunziro lake ndi ili: nyama zimenezi zimafuna kusungidwa pozizira nthawi zonse. Golosale yopanda firiji, kapena kumene magetsi athima tsiku lonse, si malo ogulako poloni. Amayi oyembekezera ndiye apeweretu.

Chachisanu: zoonongeka ndi zachuku

Chitini chotupa, chochita dzimbiri kapena chobooka musagule, ngakhale akutsitsireni mtengo. M'kati mwake mungakhale poizoni woopsa.

Tikambenso za chuku, poti ife ndife alimi a mtedza. Mtedza kapena chimanga chikasungidwa chisanaume bwino chimachita nkhungu, ndipo nkhungu ina imatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Poizoni ameneyu satha ndi kuphika kapena kukazinga. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka kuyambitsa khansa, komanso amapinimbiritsa ana. M'chaka cha 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti lapeza poizoniyu mu ufa wina wa m'masitolo, agalu ambiri atafa ndi chakudya cha chimanga choterocho. Choncho chiponde kapena nsinjiro zosadziwika kumene zachokera, samalani nazo. Ndipo pakhomo tisiye khalidwe logulitsa mtedza wabwino n'kusinjira ana wofoka ndi woola uja. Tisiyenso kunyowetsa mtedza poti usavute kuswa. Madziwo ndiwo amaitana chuku.

Za ana athu

M'mera mpoyamba. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'Malawi muno adali opinimbira. Mimba ya mwana ndi yaing'ono. Mukampatsa kamba ndi jusi m'mawa, akhuta, ndipo phala lanu akana. Wakhuta, koma sadadye chomanga thupi.

Mwana ayamwe bere lokha miyezi 6 yoyamba. Akayamba kudya, mpatseni phala la mgaiwa lothira nsinjiro, ufa wa soya wokazinga, dzira kapena usipa wosinja, ndi masamba. Mwana wosakwana zaka ziwiri asamwe zakumwa za shuga. Ndipo amayi tamverani ichi: ufa woyera wothira m'tiyi uja, ngati Cremora, si mkaka. Ndi wopangidwa ndi mafuta ndi shuga. Musampatse khanda m'malo mwa mkaka.

Agogo, inunso nkhaniyi ndi yanu. Mdzukulu akalira, musathamangire ku okala. Nthochi, gwafa, mbatata yootcha kapena chimanga chachiwisi zimatonthozanso mwana.

Kuwerenga kukuthandizeni

Apa ndi pamene sukulu yanu ya kwacha ikugwirira ntchito. Kale munkagula poona mtundu wa pepala. Tsopano mungathe kuwerenga. Safunsa adadya phula, ndiye inu funsani pepalalo mafunso anayi awa.

1. Deti. Funani malembo akuti EXP kapena Best Before. Manambala otsatira ndi tsiku, mwezi ndi chaka. Tsikulo likapita, bwezani katunduyo pashelefu.

2. Chizindikiro. Pa katundu wopangidwa m'dziko muno yang'anani chizindikiro cha MBS, bungwe loona za ubwino wa katundu limene lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1972. Chakudya chopanda dzina la wopanga chikayikireni.

3. Zimene aikamo. Pansi pa mawu akuti Ingredients amalemba zonse zimene zili m'katimo, kuyambira chochuluka kwambiri mpaka chochepa. Mukaona mawu akuti sugar ali koyambirira, dziwani kuti mukugula shuga.

4. Mchere. Pamapepala mchere amaulemba kuti salt kapena sodium. Nambala yake ikakula, mcherenso wakula.

Zabwino za m'golosale

Pali zinthu zoti tizigula ndithu. Gulani mchere wothira ayodini, umene umateteza ku chithokomiro ndi kuthandiza ubongo wa mwana kukula. Gulani mafuta ophikira okhala ndi vitamini A. Shuga wa m'dziko muno nayenso adayamba kuthiridwa vitamini A m'chaka cha 2012, koma chimenecho si chilolezo chothira masupuni asanu m'kapu. Gulani mkaka weniweni, mazira, usipa ndi matemba.

Kumbukirani magulu 6 a zakudya amene timaphunzira kusikelo: zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, masamba, zipatso ndi mafuta. Onani bwino, pafupifupi zonsezi zili pakhomo panu. Nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, chisoso, bonongwe, khwanya, nyemba, dzira ndi mango: chimenecho ndi chakudya cha mfumu. Mlendo akabwera, thobwa wosachulutsa shuga si wamanyazi.

Sindikuti botolo limodzi pa ukwati kapena pa Khirisimasi lingaphe munthu. Choopsa ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku. Sabata ino lembani m'kope lanu ndalama zonse zimene zapita ku masuwiti, kamba ndi zakumwa. Loweruka muphatikize, kenaka mufunse kuti ndalama zimenezo zikadagula mazira angati.

Pomaliza, abambo ndi amayi, pitani kuchipatala cha Dzoole kapena china chili pafupi nanu mukayezetse kuthamanga kwa magazi, ngakhale simukumva kupweteka paliponse. Kuyeza kwake sikuwawa ndipo sikutenga nthawi. Amene adakupatsani kale mankhwala, musasiye kumwa poti mwapeza bwino. Zengerezu adalinda kwawukwawu.



Mafunso okambirana m'kalasi

1. Kodi m'botolo la mamililita 300 la chakumwa chija muli masupuni angati a shuga?
2. Tchulani zakudya zitatu za m'golosale zimene zimabisa mchere wambiri.
3. Kodi chuku chimabwera bwanji mu mtedza, nanga tingachipewe bwanji?
4. Bweretsani pepala la chakudya chilichonse cha m'sitolo. Pezani deti lake ndipo mulilembe m'kope.
5. Lembani zakudya za pakhomo panu zimene mungampatse mwana m'malo mwa kamba ndi masuwiti.