Njoka za M'mimba za Nyama Zakutchire Zosungidwa M'makola ndi Chiopsezo Chake kwa Anthu

Nkhani yathu lero ikukhudza nyama zakutchire zimene zimasungidwa m'makola kuti anthu azikaziona, monga ku National Zoological Garden mumzinda wa Pretoria, malo amene anatsegulidwa mu 1899, kapena ku Munda Wanga ku Chilanga, m'dziko la Zambia. Wina angafunse kuti mlangizi wa zaulimi zikumukhudza bwanji zimenezi. Yankho lagona pa ndowe, chifukwa ndowe imatsikira m'madzi, imamatira m'manja, ndiponso imathiridwa kudimba ngati manyowa.

Nyani wakutchire akachita chimbudzi amapitirira ulendo wake, ndipo mazira a njoka za m'mimba amatsalira kumbuyo. Nyani wa m'khola alibe kopita. Amadyera, kumwera ndi kugona pa dothi lomwelo limene waipitsa, kotero kuti mazira amabwerera m'mimba mwake mobwerezabwereza. N'chifukwa chake tizilombo tofala kudzera m'ndowe timachuluka kwambiri m'makola, ngakhale nyamayo ikuoneka yathanzi.

Anyani ndi apusi ndiwo ayenera kutidetsa nkhawa koposa, popeza matupi awo amafanana ndi athu. Njoka yotchedwa Strongyloides fuelleborni imakhala mwa anyani ndi apusi, koma m'zaka za m'ma 1970 ofufuza anaipeza mwa anthu ku Zambia. Timphutsi take timakhala m'dothi lachinyezi ndipo timaboola khungu la munthu woyenda wopanda nsapato. Ina, yotchedwa Ternidens deminutus, inafufuzidwa kwambiri ndi J. M. Goldsmid mwa anthu ndi anyani ku Zimbabwe. Mazira ake amafanana ndi a njoka zoyamwa magazi zija zotchedwa hookworm, motero woyeza chimbudzi angasokoneze ziwirizi.

Palinso tizilombo tosaoneka ndi maso, monga Giardia ndi Cryptosporidium, timene timayambitsa kutsekula m'mimba. Cryptosporidium safa msanga ndi klorini. Mu 1993 tizilomboti tinalowa m'madzi a m'mipope mumzinda wa Milwaukee ku United States, ndipo anthu oposa 400,000 anadwala. Kwa ana aang'ono ndi kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika, matendawa angathe kupha.

Pali kusiyana kumodzi kumene ndikupempha kuti mukugwiritse. Mazira a njoka zina, monga Trichuris, sayambitsa matenda tsiku limene atuluka. Amayamba akhwima m'dothi kwa masabata awiri kapena anayi, ndipo akakhwima amatha miyezi yambiri ali amoyo. Choncho kuchotsa ndowe tsiku ndi tsiku kumadula mzere wa matendawa. Koma Giardia ndi Cryptosporidium amapatsira munthu nthawi yomweyo. Pamenepa wosesa m'khola amatetezedwa ndi majombo, magolovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

Tsono ntchito yanu ili pati? Choyamba, ndowe ya anyani, apusi ndi nyama zodya nyama isapite kudimba. Iyenera kuotchedwa kapena kukwiriridwa m'dzenje lakuya, kutali ndi chitsime. Ndowe ya nyama zodya udzu ipangidwe kompositi, ndipo mulu wake utenthe kupitirira madigiri 55 kwa masiku angapo, ukutembenuzidwa kuti za m'mbali nazo zilowe pakati. Chachiwiri, fufuzani kumene madzi otsukira makola amathera. Ngati amatsikira mumtsinje umene alimi amathiririra ndiwo zamasamba, kambiranani ndi oyang'anira malowo pamodzi ndi azaumoyo. Chachitatu, nyama yatsopano ikhale payokha masiku osachepera 30, ndipo dotolo wa ziweto ayeze ndowe yake kangapo, chifukwa mazira satuluka tsiku lililonse. Mankhwala a njoka aperekedwe potsata zimene kuyezako kwaonetsa, pakuti kumwetsa mwachisawawa kumachititsa kuti njokazo zisamamvenso mankhwala.

Tisaiwale kuti matenda amayenda mbali zonse ziwiri. Mlendo woponyera nyani chakudya chimene wadyako, kapena wantchito wobwera m'khola akutsekula m'mimba, angadwalitse nyama. Ana asukulu odzaona nyama apeze madzi ndi sopo potulukira, ndipo asadyere pafupi ndi makola.

Pomaliza, uphungu womwewu mupite nawo kumudzi. Pusi womangidwa pa chingwe kuseri kwa nyumba ali m'khola laling'ono, ndipo pa dothi lomwelo m'pamene mwana amakwawa. Auzeni eni ake za chiopsezochi mwaulemu, ndipo dziwitsani a nthambi yoona za nyama zakutchire kuti nyamayo ikasamalidwe koyenera.