CISIPANISHI NDI CINGELEZI

Anthu a ku migodi adziwa kuti mkuwa sukumbidwa kuno kokha. Dziko la Chile, ku South America, ndilo lipambana onse pa mkuwa, ndipo m'caka ca 1967 nthumwi za Chile, Peru, Congo ndi Zambia zinasonkhana ku Lusaka kupangana za malonda ace. Ku Chile ndi ku Peru anthu alankhula Cisipanishi. Kodi munthu amene anabvutika kale ndi Cingelezi angathe kuphunzira cinenero cimeneci?

Pa kachulidwe, Mnyanja ali ndi mwai woposa Mngelezi. Cisipanishi cili ndi mavawelo asanu okha, a, e, i, o, u, ndipo amveka monga m'Cinyanja. Cingelezi cilemba zilembo zisanu zomwezo, koma pakamwa mavawelo ace apitirira khumi. Cifukwa cace ambiri alephera kusiyanitsa "ship" ndi "sheep", ngalawa ndi nkhosa. Ndiponso zilembo "ough" zichulidwa mosiyana m'mau "though", "through" ndi "cough". M'Cisipanishi munthu akadziwa malamulo owerengeka, angathe kuwerenga mokweza mau amene sanawaonepo. Cilembo h sicichulidwa konse, ndipo ñ ndiye ny wa m'mau akuti nyumba. Bvuto la Mnyanja lili pa r: "pero" ndiye kuti koma, "perro" ndiye galu, ndipo lilime liyenera kunjenjemera pochula galuyo.

Mau ambiri afanana, pakuti Cisipanishi cinabadwa ku Cilatini, ndipo Cingelezi cinalandira mau ocuruka a Cilatini kupyolera m'Cifalansa, Anormani atagonjetsa England m'caka ca 1066. Motero "family" ndi "familia", "mine" ndi "mina". Koma pomwepo pali msampha. Mau akuti "éxito" sanena khomo loturukira monga "exit", anena kupambana. "Ropa" ndizo zobvala, si cingwe ai. Mwamuna wogwidwa manyazi akaganiza za "embarrassed" nagwiritsa nchito mau akuti "embarazada", wauza anthu kuti ali ndi pakati.

Ngakhale Cinyanja cili ndi mau apacibale ndi Cisipanishi, amene anadza ndi Apwitikizi a ku Zambezi. Kapitao wa pa nchito ndiye "capitán", ndipo nsapato ndiyo "zapato". Tsono munthu wofuna kuyamba asacite mantha. Achule mavawelo monga anawaphunzira kwa amace, azoloweze lilime pa r, ndipo mau ali onse ooneka ngati Cingelezi ayambe wafunsa tanthauzo lace asanawalankhule pa gulu.